Kulima Mbatatesi pa Mitumbira Monga Amachitira Alimi Ang'onoang'ono a ku Ireland

Kumadzulo kwa Ireland, m'zigawo za Mayo, Galway, Donegal ndi Kerry, vuto lalikulu la mlimi ndi madzi ochuluka. Mvula imagwa mwezi uliwonse, nthaka ndi yopyapyala, pena yamiyala pena yachinyontho chosatha, ndipo mbatatesi sifuna kukhala m'madzi. Ulimi wonse wa makolo a kumeneko unakhazikika pa kuthana ndi chinyezi chimenechi: mtumbira wokwera woti mizu isamire, kupopera mankhwala matenda a chiwawu asanafike, ndi dzenje losungiramo zokolola lomwe madzi salowamo. Mukamvetsa chimenechi, ntchito iliyonse ili m'munsimu idzaoneka chifukwa chake.

Malo ndi zipangizo

Sankhani malo amene akhala ndi udzu wa ziweto kwa zaka zingapo. Musalime, musatipule, musatenthe udzuwo, chifukwa udzu ndi mizu yake ndiwo chakudya choyamba cha mbewu. Ngati watalika, ikanipo nkhosa kapena ng'ombe ziudye mpaka ufupike, apo ayi umweteni. Malo otsetsereka pang'ono, oyang'ana kum'mwera komwe dzuwa limawomba bwino m'maiko a kumpoto, ndiwo abwino. Pewani m'khwawa momwe mphepo yozizira imakhazikika usiku.

Mitumbira imayenda motsika ndi phiri, osati mopingasa, kuti ngalande zitsitse madzi msanga. Apa owerenga a ku Dedza kapena ku Ntcheu asamale: kwathu mvula imabwera ndi mphamvu ndipo mizere iyenera kupingasa chitsetse kuti nthaka isakokoloke. Ku Ireland mvula ndi yamawawa ogwa kwa nthawi yaitali, ndipo mbali za mtumbira zimagwidwa ndi zibuma za udzu, n'chifukwa chake kutsikitsa ngalande sikuwononga munda.

Chida chachikulu ndi loy, chokumbira chachitsulo chopapatiza, chachitali, chokhala ndi popondera phazi mbali imodzi yokha ndi mpini wolemera wamtengo. Ntchito yake si kunyamula dothi koma kudula chibuma n'kuchitembenuza, mlimi akukanikiza mpini pansi. Kufikira lero anthu amapikisana kutembenuza zibuma ndi loy pa mpikisano wa National Ploughing Championships. Kuwonjezera pamenepo mufunika fosholo yampini wautali, foloko yamanyowa, chingwe ndi zikhomo, ndiponso ndodo yosongoka yobowolera mapando.

Mbewu

Banja limabzala mitundu itatu kuti likhale ndi chakudya kuyambira Juni mpaka chaka chinacho. Yocha msanga, monga Home Guard, imakumbidwa patatha milungu pafupifupi 12 mpaka 14. Yapakati ndi British Queen, yomwe imapsa mu Julayi ndi Ogasiti. Yosunga ndi Kerr's Pink, Golden Wonder, Record, ndi Rooster yakhungu lofiira, yomwe Harry Kehoe ndi anzake anaitulutsa pa malo a kafukufuku a Oak Park ku Carlow mu 1991 ndipo tsopano ndiyo yofala kwambiri m'dzikomo. Anthu a ku Ireland amakonda mbatatesi yaufa, yomwe khungu lake limang'ambika ikapsa mumphika, ndipo mitundu yonseyi inasankhidwa ndi mtima umenewo.

Musabzale mtundu umodzi wokha. Chisanafike chaka cha 1845, anthu osauka pafupifupi 3 miliyoni ankadalira mbatatesi tsiku ndi tsiku, ambiri mtundu umodzi wotchedwa Lumper, wobereka kwambiri pa nthaka yoguga koma wosalimba ku matenda. Chiwawu chinafika mu Seputembala 1845, chaka chotsatira chinapsereza pafupifupi minda yonse, ndipo pofika 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa ndi njala ndi matenda, enanso oposa 1 miliyoni atasamukira kunja. Mitumbira yawo ikuonekabe m'mapiri a ku Mayo, itamera udzu. Masiku ano ndi nzeru kuikako mzere umodzi kapena iwiri ya mtundu wopirira chiwawu monga Sarpo Mira, ngakhale kuti ena sakonda kakomedwe kake.

Mbewu yabwino ndi yofanana ndi dzira la nkhuku, yolemera magalamu 60 mpaka 70. Kumayambiriro kwa Febuluwale, milungu isanu ndi umodzi musanabzale, iyaleni m'mabokosi osaya, mbali ya maso ambiri ikuyang'ana kumwamba, pamalo owala, ozizira, koma osafika chisanu. Mukufuna mphukira zazifupi, zonenepa, zobiriwira kapena zofiirira, zotalika masentimita awiri. Mphukira zazitali zoyera zimasonyeza kuti munasunga mumdima kapena pofunda kwambiri, ndipo zimathyoka pobzala.

Mbatatesi yaikulu mukhoza kuidula, chidutswa chilichonse chikhale ndi maso awiri. Dulani masiku awiri kapena atatu musanabzale kuti bala liume, ndipo mupake phulusa kapena laimu pang'ono. Chidutswa chobzalidwa chikadali chachiwisi m'nthaka yozizira chimawola chisanamere. Iliyonse yofewa, yamawanga akuda kapena yamnofu wofiirira mkati itayeni kutali ndi munda, chifukwa ndiyo imabweretsa chiwawu cha chaka chatha m'munda watsopano.

Kuunga mtumbira

Mwambo wake ndi wakuti mbewu yocha msanga ilowe m'nthaka pafupi ndi tsiku la Patrick Woyera, pa 17 Malichi, ndipo yosunga ibzalidwe mu Epulo. Tsikuli ndi chikumbutso chabe. Nthaka ikakhala yonyowa moti ikumata pa chitsulo, dikirani. Mbewu yobzalidwa mochedwa ndi sabata ziwiri m'nthaka yofunda imaipeza ndi kuipitirira imene inathamangitsidwa m'matope.

Kokani zingwe ziwiri motalikirana mita imodzi ndi masentimita 20. Pakati pa zingwezo ndi pamene padzakhale mtumbira. Kunja kwa chingwe chilichonse siyani masentimita 45 mpaka 60 a ngalande. Mtumbira ukakula kuposa pamenepa simungafike pakati popalira osapondapo. Ukachepa, mutaya malo ambiri ku ngalande.

Yalani manyowa pamwamba pa udzu pakati pa zingwe, mokhuthala masentimita 7 mpaka 10. Manyowa akhale a m'khola, osakanikirana ndi mapesi, owolerana bwino m'nyengo yozizira. Ndowe zaziwisi zimatentha mphukira ndipo zimakuza masamba ambiri ofewa amene chiwawu chimawakonda. Alimi a m'mbali mwa nyanja amagwiritsa ntchito ndere za m'nyanja, zodula pamiyala madzi akaphwa kapena zotola pagombe mphepo yamkuntho ikatha. Nderezi zili ndi potashi wambiri, chinthu chomwe mbatatesi imafuna koposa, ndipo sizibweretsa njere za udzu. Ziyaleni milungu ingapo musanabzale kuti mvula itsuke mchere, ndipo muike zambiri, chifukwa zikauma zimafwapa kwambiri. Pa zilumba za Aran, kunyanja ya kumadzulo kwa Ireland, pomwe pansi ndi thanthwe lokhalokha, anthu anachita kupanga nthaka posanjikiza mchenga ndi ndere chaka ndi chaka. Koma mchenga wa zigoba za nkhono uli ndi laimu, ndipo laimu akachuluka khungu la mbatatesi limachita nkhanambo, choncho musauthire chaka chomwe mukubzala.

Tsopano ntchito yeniyeni. Imani m'ngalande, dulani udzu motsata m'mphepete mwakunja mwa ngalandeyo, ndipo muduledule mopingasa kuti mukhale ndi zibuma za masentimita 30 m'lifupi. Mbali imene yagundana ndi chingwe musaidule. Lowetsani loy pansi pa chibuma, kanikizani mpini, chibuma chidzuke n'kugwera pa manyowa chafufumimba, udzu pansi mizu kumwamba, chikadalumikizana ndi nthaka kumbali yosadulayo. Kulumikizana kumeneku ndiko chinsinsi chonse. Mbali yopindikayo imasanduka khoma la mtumbira, siligumuka mvula ikagwa, ndipo udzu sutulukira m'mphepete. Mukadula mbali zonse zinayi, zibuma zimatsetserekera m'ngalande pakatha milungu yochepa ndipo mudzakhala mukukonza mpaka kukolola. Gundanitsani zibumazo bwinobwino, pasakhale mpata, chifukwa paliponse polowa kuwala udzu umadzukanso.

Mukatembenuza mbali zonse ziwiri, pakati pamatsala mpata wa manyowa oonekera. Kumbani dothi la m'ngalande, liphwanyeni ndi msana wa fosholo, n'kudzaza pakatipo ndi pamwamba pa zibuma. Pakati pakwere pang'ono kuposa m'mbali kuti madzi asadikhe. Chimene mwapanga ndi udzu pansi, manyowa pakati, udzu wina wotembenuzidwa pamwamba, kenako dothi. Zonsezi zikamawola zimatulutsa kutentha pang'ono, ndipo nthaka yozama imene mbewu ikupeza yawirikiza kawiri pa malo amene khasu likanagunda mwala msanga.

Kubzala kuli pawiri. Ena amayala mbewu pa manyowa asanatembenuze zibuma. Ena amayamba aunga mtumbira wonse, kenako wina amabowola mapando ndi ndodo yosongoka, mwana akutsatira pambuyo n'kumaponyamo mbewu, wachitatu akutseka. Ife timakonda njira yachiwiriyi pa mbewu yophukitsa kale, chifukwa chibuma cholemera chikagwera pa mphukira chimazithyola. Bowolani mpaka ndodo ifike pa manyowa, masentimita 12 mpaka 15, ndipo mbewu ikhale mphukira zili kumwamba. Tsekani phando ndithu. Losiyidwa pululu limadzaza madzi, komanso akhwangwala amafukula.

Pa mtumbira umodzi pakhale mizere itatu, mbewu zitalikirane masentimita 30, za mzere wapakati zikhale moyang'anizana ndi mipata ya mizere yam'mbali. Mtumbira wa mamita 10 umadya mbewu pafupifupi 100, zomwe ndi makilogalamu 6 kapena 7. Pa mitundu yosunga onjezani mpata ufike masentimita 35 mpaka 40, apo ayi mudzakolola tizing'onoting'ono tambirimbiri.

Kubandira

Pakatha milungu itatu kapena inayi timasamba timayamba kusuzumira. Kumbaninso m'ngalande ndi kuwaza dothi losalala pamwamba, masentimita 5, ngakhale litakwirira timasambato. Zimenezi zimateteza ku chisanu, chomwe ku Ireland chimatha kugwa mpaka pakati pa Meyi. Usiku wopanda mitambo ndi wopanda mphepo ndiwo woopsa: m'mawa mudzapeza nsonga zitada. Mbewu siifa, imaphukanso, koma mwataya sabata ziwiri kapena zitatu. Mukaona kumwamba kwayera madzulo, fundikani mizere yocha msanga ndi mapesi kapena masaka.

Bandiraninso kachiwiri mitengo ikafika masentimita 20 mpaka 25, masamba asanakumane. Dothi lowonjezerali limaphimba mbatatesi kuti zisapse ndi dzuwa n'kubiriwira, pakuti yobiriwira ndi yowawa ndipo ili ndi poizoni, siyenera kudyedwa ndi munthu kapena chiweto. Limathandizanso kuti tizilombo ta chiwawu totsukidwa pa masamba tisafike msanga pansi. Masamba akatseka mtumbira, udzu umagonja wokha.

Chiwawu

Apa m'pamene chaka chimapindulira kapena kutayika. Chiwawu chimayambitsidwa ndi kachilombo kotchedwa Phytophthora infestans, komweko kamene kamavutitsa alimi a mbatatesi ndi tomato m'madera okwera a kwathu. Kamafuna nyengo yofunda pang'ono ndi yachinyezi: kutentha kosachepera madigiri 10, mpweya wodzaza ndi chinyontho, masamba osauma kwa theka la tsiku kapena kupitirira. Kuyambira Juni mpaka Seputembala, bungwe loona zanyengo la Met Éireann limalengeza chenjezo nyengo yotere ikamayandikira, ndipo mlimi akamva amasiya zina zonse.

Zizindikiro zake ndi mawanga ofiirira kapena akuda m'mphepete mwa tsamba, ozunguliridwa ndi kamzere kobiriwira motuwa, ndipo kunsi kwa tsamba kumaoneka nkhungu yoyera m'mamawa. Nyengo ikapitirira kukhala yonyowa, munda wonse umada ndi kununkha pasanathe sabata ziwiri. Mankhwala a kopa sachiza tsamba lodwala kale, amangotchinjiriza lamoyo. Wopopera ataona mawanga wachedwa.

Msakanizo umene makolo ankagwiritsa ntchito ndi wa bluestone, womwe ndi mchere wa kopa, ndi soda wochapira. Muyeso wake unali mapaundi 8 a bluestone, mapaundi 10 a soda, m'magaloni 40 a madzi, kutanthauza makilogalamu 3.6 ndi 4.5 m'malita pafupifupi 180. Pa sipuleya ya kumsana ya malita 18, ndi magalamu 360 ndi 450. Bluestone amamangidwa m'kasaka n'kulendeweretsedwa m'mgolo wamtengo usiku wonse kuti asungunuke; mgolo wachitsulo umadyeka ndipo umawononga mankhwala. Soda amasungunulidwa payekha m'madzi ofunda, kenako n'kuthiridwa pang'onopang'ono m'madzi a bluestone, uku mukutakasa. Poyesa, viikani mpeni woyera kwa mphindi imodzi: ukatuluka ndi utoto wa kopa, msakanizo ndi waukali ndipo utentha masamba, onjezani soda. Poperani tsiku lomwelo, chifukwa wogona sumamatira pa tsamba.

Kupopera koyamba kuchitike masamba asanakumane, nthawi zambiri chapakati pa Juni, ndipo kubwerezedwe pakatha masiku 10 mpaka 14, kapena msanga mvula yamphamvu ikatsuka. Sankhani tsiku louma lopanda mphepo, ndipo mulozetse mpope kunsi kwa masamba, osati pamwamba pokha. Valani magolovesi ndi chotchinga kumaso. Dziwani kuti kopa saola, amaunjikana m'nthaka ndipo amapha nyongolotsi akachuluka. N'chifukwa chake malamulo a European Union amaika malire a makilogalamu 28 a kopa pa hekitala m'zaka 7, ndipo mlimi wa lero ayenera kugula mankhwala ovomerezeka n'kutsata muyeso wolembedwa pa paketi m'malo mosakaniza yekha.

Chiwawu chikalowa ndithu n'kugwira gawo lalikulu la masamba, musalimbane nacho. Dulani mitengo yonse pansi penipeni, ituleni kunja kwa munda, ndipo musakumbe kwa sabata zitatu. Nthawi imeneyi tizilombo totsala pamwamba pa nthaka timafa, ndipo khungu la mbatatesi limakhwima. Ambiri amalakwitsa pothamangira kukumba kuti apulumutse zokolola, n'kuzigubuduza pa dothi lodzaza matenda. Zimalowa m'dzenje zikuoneka zabwino, pofika Disembala zasanduka phala lonunkha.

Adani ena ndi ocheperapo. Pa malo amene anali a udzu mumakhala mbozi zolimba zachikasu zoboola timabowo, ndipo nkhono zopanda chigoba zimakuza mabowowo nthaka ikanyowa chakumapeto kwa chaka. Mankhwala ake ndi kukumba msanga, osasiya zokolola m'nthaka mpaka Novembala. Mtengo umene wada kutsinde n'kufota, masamba atachita chikasu, uzuleni pamodzi ndi ana ake.

Kukumba

Zocha msanga zimakumbidwa pang'onopang'ono, za mphika wa tsikulo basi, chifukwa khungu lake ndi lopyapyala ndipo sizisungika. Kale mabanja ambiri ankadikira Lamulungu lomaliza la Julayi, lotchedwa Garland Sunday, kuti alawe za m'munda waukulu, popeza kukumba msanga kunali kudya chakudya cha m'tsogolo chisanakule.

Zosunga zimakumbidwa mu Okutobala, tsiku louma. Yesani potikita khungu ndi chala chachikulu: likasupuka, dikirani sabata ina. Yambirani kumunsi kwa mtumbira, lowetsani chokumbira cham'mbali, pansi pa phata, osati pamwamba pake. Zisiyeni pamtunda maola awiri kapena atatu ziume, koma zisagone kunja. Potola, gawani patatu: zazikulu zopanda bala za m'dzenje, zotemeka ndi zoboola zodya msanga, tating'ono ta nkhumba ndi nkhuku, towiritsa kaye. Tolani zonse, ngakhale kakang'ono kwambiri, chifukwa kotsala m'nthaka kamamera chaka chamawa katanyamula matenda. Chaka chabwino, mtumbira wa mamita 10 uja ukhoza kupereka makilogalamu 50 kapena kuposerapo.

Dzenje losungira

Ngakhale amalitcha dzenje, mbali yaikulu ili pamwamba pa nthaka. Sankhani malo okwera, ouma. Palani pansi masentimita 15 okha, mita imodzi m'lifupi, kutalika kwake molingana ndi zokolola. Yalani mapesi ouma a oats (mbewu yonga tirigu) kapena mlulu wouma, ndipo muunjike mbatatesi mosongoka pamwamba, mulu ufike masentimita 80 kapena 90. Mulu waukulu kuposa apa umatentha mkati.

Phimbani ndi mapesi okhuthala masentimita 15 mpaka 20, oimika motsika kuti madzi azitsetsereka. Musathire dothi tsiku lomwelo. Mbatatesi yongokumbidwa imatuluka thukuta, ndipo mukaitsekera nthawi yomweyo chinyezi chimenecho chimayambitsa kuwola. Dikirani masiku angapo, kenako kumbani ngalande kuzungulira mulu, dothi lakelo muphimbire mapesi mokhuthala masentimita 15, n'kulisalaza ndi msana wa fosholo. Pansonga siyani timitolo ta mapesi totulukira kunja pa mita iliyonse ndi theka kuti mpweya uzituluka. Ngalande ija ikhale ndi potulukira madzi kumunsi. Chisanu chikakula mu Disembala ndi Januwale, onjezani dothi kumbali yoyang'ana kumpoto ndi kum'mawa. Mbatatesi yogwidwa ndi chisanu imatsekemera, ndipo yowumiratu ndi kuzizira imafewa n'kuchucha madzi.

Yenderani dzenje sabata iliyonse. Bowo m'mbali ndi makoswe. Pamene dothi lafwapa kapena kutitimira, pansi pake pawola, ndipo muyenera kutsegula n'kusankha zisanapatsirane. Potenga zakudya tsegulani mbali imodzi yokha, tsiku lopanda chisanu, tengani za sabata yathunthu, n'kutsekanso ndi mapesi.

Munda wa chaka chamawa

Malo amene mwakumba atsala ofewa, oyera, odzaza manyowa. Mwambo unali kubzalapo oats chaka chotsatira, kenako kubwezeretsa udzu. Amene malo awachepera n'kubwereza mbatatesi kachiwiri amang'amba mtumbira pakati, theka lililonse n'kuligwetsera m'ngalande yoyandikana nayo, kuti pomwe panali ngalande pakhale mtumbira watsopano. Musapitirire zaka ziwiri. Timinyongolotsi tosaoneka ndi maso todya mizu timachulukana m'nthaka yobwerezedwa, mbewu zimapinimbira m'zigawozigawo, ndipo mazira ake amakhala m'dothi zaka zambiri. Malowo apume zaka zinayi kapena kuposa.

Mbewu ya chaka chamawa isankhidwe nthawi yokumba, kuchokera pa mapata amene munawaika chizindikiro ali obiriwira ndi amphamvu, osati pa zotsala pansi pa dzenje mu Malichi. Isungeni payokha m'mabokosi, pamalo ozizira owala pang'ono. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mbewu yobwezabweza imafooka ndi mavairasi ofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba: masamba amapiringizika, zokolola zimachepa ngakhale manyowa ali okwanira. Mukaona zimenezi, siyani yakaleyo mugule mbewu yovomerezeka, monga yochokera ku Donegal, komwe mphepo ya kunyanja ndi kuzizira zimachepetsa nsabwezo.